Waya Wosalakwa

Usiku wachitatu mu labu ya ku Hsinchu.
Mphepo ikukankha mawindo a nsanjika yachisanu,
Chuang Hao-yu wagona chokhala, chibwano pachifuwa,
khofi wake wazizira pambali pa osilosikopu.
Ine ndili maso. Ndikulondera waya mmodzi.

Tinamulamula kuti akhale chete.
Ziro. Ziro basi, mpaka titamuitana.
Koma taonani pasikirini kamzere kobiriwira kakudzuka,
kachulu kang'onong'ono, mamilivoti mazana atatu,
kuphethira kwa diso n'kuchedwa,
kenako kagonanso ngati palibe chachitika.
Chipata cha kutsogolo chamva kale.
Chalemba wani.

Nkhuyu wadya ndi mnansi, zapota wosadya.

M'mabuku athu timawatcha wachiwembu ndi wolakwiridwa,
ngati pali mlandu woti tiweruze.
Chikhalirecho sanakhudzanepo.
Timizere tamkuwa, tsitsi limodzi uling'ambe kachikwi,
togonekedwa moyandikana pa silikoni wochepa ngati chikhadabo,
pakati pawo kakhoma kagalasi
kamene sikadutsa magetsi
koma manong'onong'o amadutsa.

Ndinayamba ndi wa kumanzere: fuula wekha. Zii.
Wa kumanja: fuula wekha. Zii.
Ndinatenthetsa bokosi mpaka madigiri makumi asanu ndi atatu,
ndinafulumizitsa wotchi, ndinachepetsa mphamvu,
ndinadyetsa makina mindandanda zikwi zinayi
ya maziro ndi mawani,
umodziumodzi, ngati wosankha timiyala mumpunga.
Pa wa nambala 2730 ndi pomwe zinaululika:
onse awiri akalumpha pamodzi,
wa pamwamba naye akudutsa chopingasa,
wapakatiyo sapirira.
Amanena mawu omwe si ake.

Ndipo akamapita kwake, iwo akubwerera kwawo,
amafika mochedwa, wefuwefu,
ngati wokwera masitepe a siteshoni
sitima itangotsitsa khamu.

Kwathu ku Zhubei khoma la chipinda changa n'lopyapyala.
Kuseri kwake kuli mayi Tseng.
Amuna awo anamwalira mu Febuluwale.
Sitinapatsanepo moni woposa kugwedeza mutu mu lifiti,
dzina ndinaliwerenga pabokosi la makalata.
Koma folo koloko m'bandakucha akayamba kusisima,
osalira mokweza, ayi, kungosisima,
ndimadzidzimuka chifuwa chili cholemera,
pilo atanyowa,
ine wopanda maliro.

Hao-yu wadzuka, wapukuta magalasi ndi malaya.
Akuti, atalikitse.
Ndikuti, bwana Hsiao salola, malo ndi ndalama,
nanomita iliyonse anaiwerenga kale.
Akuti, ndiye ika mlonda pakati.
Waya wina, wogontha, wolumikizidwa pansi,
wosanyamula uthenga wa aliyense,
ntchito yake kumeza phokoso la anzake.

Ndamujambula. Mmodzi uku, wina uku.
Kompyuta yatafuna masamu ake mphindi makumi anayi,
ife tikudya zitumbuwa za anyezi zozizira za dzulo.
Mndandanda 2730 wadutsa.
Kamzere kobiriwira kagona tambalala,
kosalala ngati tebulo lopukutidwa.
Hao-yu wawomba m'manja kamodzi, wayasamula.
Ndalemba mu lipoti: vuto latha,
tiyesenso pa silikoni watsopano mwezi wamawa.

Sindinalembe kuti ndinakhala nthawi ndikuyang'ana
waya wanga wochiritsidwa uja,
wosamvanso kanthu kwa aliyense,
wolondola, wachete, yekhayekha pakati pa alonda awiri.

Kunja kwacha, njinga zamoto zadzaza mlatho.
Pakona ndagula mkaka wa soya wotentha.
Wogulitsa wafunsa, kapu imodzi monga mwa masiku onse?
Ndati ziwiri.
Tsopano ndaima pakhonde la nsanjika yathu,
makapu akundiwotcha zala,
chitseko cha mayi Tseng chili apa, belu lili apa,
ndilibe dzanja lomasuka loti ndilize.
Ndagogoda ndi chigongono.